Mphwanga, ukawafotokozere agogo bwinobwino

Halo mphwanga, ndine malume ako. Kuno ku Texas kukadali mdima, ndikudikira galimoto ya kuntchito, ndiye tamvera. Amayi ako akuti agogo sakugona chifukwa unawauza kuti ine ndimapopera mpweya pansi ngati tayala la njinga, tsiku lina padzaphulika. Iwe! Munthu wodwala BP umamuuza zoterozo?

Mpweyawo timaupopera m'zitsime za mafuta kuti mafutawo atuluke. Mafuta sakhala ngati dziwe pansipo ayi. Amakhala m'timabowo ta thanthwe, monga njerwa imamwera madzi. Chitsime chikakhala chatsopano amatuluka okha, kenako mphamvu imatha. Ndiye amathiramo madzi kuti awakankhe, komabe ambiri amatsalira atakakamira. Ukudziwa mbale ya nyama ya nkhumba, madzi okha sachotsa mafuta aja. Apa ndi pamene timalowetsa carbon dioxide, mpweya womwe uja umachita thovu mu Fanta. Ukaupanikiza kwambiri umasakanikirana ndi mafutawo, amafufuma, amasungunuka, n'kuyamba kuyenda kupita ku chitsime china chomwe tikupopa.

Eya, usanaiwale, ndalama ya mankhwala ija inafika? Mukagule a mwezi wonse, osati a sabata.

Ndimati chiyani... mpweya. Vuto lake ndi wopepuka, umathamangira njira yophweka n'kusiya mafuta kumbali, ngati madzi a mvula akapeza ngalande ku Area 25 kwathuko. Choncho timasinthasintha, mpweya kenako madzi, mpweya kenako madzi. Kuonetsetsa ma valve otsegulira ndi kutsekera mpweya ndi madziwo ndiye ntchito yanga, ndipo anyamata atsopano ndimawaphunzitsa ndine. Si zachilendo izi, kuno ku Snyder anayamba mu 1972. Mpweya wina umabwera pa paipi kuchokera ku Colorado, makilomita pafupifupi 800, kuposa Lilongwe kukafika ku Karonga. Ukatuluka ndi mafuta timaupatula n'kuubwezeranso pansi.

Chofunika uwauze agogo ndi ichi: mpweya umenewu suyaka, ndi womwewo amazimitsira moto. Ukadontha pamalo otsekeka ukhoza kubanikitsa munthu, sindikubisa, n'chifukwa chake pali makina olira akaumva, ndipo timaphunzitsidwa kothawira. Koma za kubanikazo usatchule, wamva?

Ndinaona zithunzi za mizere ya petulo ku Kanengo, mtima unandiwawa, ine ndikuponda mafuta tsiku lililonse. Komanso ndasowa chambo ndi nsima ya kondowole, kuno kulibe.

Galimoto yafika. Upite lero lomwe kwa agogo, ndiwaimbira Lamlungu mukachoka ku tchalitchi.