Sewero Lopanda Zolemba: Mawu Oyamba Tisanalowe M'bwalo

Zikomo amfumu potipatsa bwalo. Amayi, abambo, achinyamata, ndi ana amene mwakhala kutsogolo kuno, zikomo nonse chifukwa chobwera.

Masana ano tikuchitirani sewero, koma ndikuuzirenitu kuti ngakhale ife osewerafe sitikudziwa kuti litha bwanji. Palibe amene walemba mawu papepala, palibe amene waloweza kanthu. Inuyo ndi amene mutipatse malo, kaya pachigayo, kaya pamjigo, kaya m'minibasi. Mutipatsenso anthu awiri ndi vuto lawo, ife tiyambira pomwepo. Pachingerezi sewero lotere amalitcha improv.

Ndaona ena mwayang'anana, mwina mukuti chimenecho chikhala chipwirikiti. Ndifunse agogo amene mwakhala pamkekapo: kodi munasewerako masanje? Eya, mwagwedeza mutu. Nanga pamasanje paja ndani ankalemba mawu? Wina ankangoti "ine ndine bambo," wina "ine mayi," wina n'kusanduka fisi wodzaba ndiwo. Mwana akatola chigoba n'kunena kuti "nayi poto," anzake sankatsutsa. Ankathiramo dothi, dothilo n'kukhala ufa. Sewero linkayenda mpaka dzuwa kulowa chifukwa aliyense ankavomera zimene mnzake wabweretsa.

Lamulo lathu lalikulu ndi lomwelo: vomera, kenako uwonjezerepo. Tiyerekeze mnzangayu walowa akuthamanga, akuti, "Achimwene, mbuzi ya apongozi yathawa!" Ine ndikayankha kuti, "Mbuzi iti? Kuno kulibe mbuzi," sewero lafera pomwepo, ndipo mnzanga ndamusiya padzuwa. Koma ndikati, "Ija ankati aphe mawa pachinkhoswe?" taonani zimene zabadwa. Tsopano pali chinkhoswe, chili mawa, ndipo pali apongozi oti tikawayang'ane m'maso. Mnzanga awonjezerapo kuti chingwe anamanga ndi ineyo, basi nkhani yakula.

Mumvetse bwino apa, chifukwa ambiri amasokonezeka. Kuvomera sikutanthauza kuti anthu a m'sewero asakangane. Akangane ndithu, aitanirane ankhoswe ngati kungafunike. Chimene timavomera ndi chakuti mbuziyo ilipo ndipo yathawadi.

Chovuta kwambiri pa ntchito imeneyi ndi kumvetsera. Wongoyamba kumene amaima pabwalo mtima uli phaphapha, akufunafuna mawu oseketsa oti anene, ndiye samva zimene mnzake wayankhula. Ine ndimawauza ophunzira kuti asiye kusaka nthabwala. Ayang'ane nkhope ya mnzawo, amve mawu ake, aone mmene waimira. Yankho limakhala mmenemo, ndipo kuseka kumabwera kokha anthu akaona khalidwe limene amalidziwa kwawo. Timakonzekera ndithu, sabata ndi sabata, koma chimene timaphunzira ndi kumvetserana, osati mawu.

Luso limeneli lili ndi mbiri yake. Ku Italy, m'zaka za m'ma 1500, magulu a zisudzo zotchedwa commedia dell'arte ankayenda m'mizinda akudziwa mutu wa nkhani ndi khalidwe la munthu aliyense, monga nkhalamba youmira kapena wantchito wochenjera, koma mawu ambiri ankawapeza ali pabwalo. Ku Chicago, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, mayi wina dzina lake Viola Spolin ankaphunzitsa zisudzo ana a m'madera osauka, ambiri ochokera m'mabanja obwera kuchokera kumaiko ena. Anaona kuti mwana ukamupatsa pepala amauma thupi, koma ukamupatsa masewera amamasuka. Masewera akewo anawasindikiza m'buku mu 1963, ndipo mwana wake Paul Sills anali mmodzi wa amene anayambitsa gulu la zisudzo zopanda zolemba lotchedwa Second City mu 1959.

Koma amene ndimamukonda kwambiri ine ndi Augusto Boal wa ku Brazil. Boma la asilikali linamumanga mu 1971, kenako anathawira kunja. Ali ku Peru mu 1973, ankachita masewero oti akafika pavuto amaima n'kufunsa oonerera kuti munthu wa m'sewero achite chiyani. Iye mwini ankafotokoza kuti tsiku lina mayi wina anakwiya chifukwa osewera sankachita bwino zimene iye ankawauza, mpaka Boal anamupempha kuti akwere yekha adzaonetse. Mayiyo anakweradi. Kuchokera pamenepo Boal anayamba kuitana oonerera kuti alowe m'malo mwa wosewera, ayese okha njira yawo anthu akuona.

Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1980, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba, pamodzi ndi aphunzitsi awo Chris Kamlongera ndi David Kerr, ankapita m'midzi. Ankayamba acheza ndi anthu, n'kupanga sewero la m'Chichewa pa zimene amva, monga za madzi ndi zaumoyo, ndipo anthu a m'mudzimo ankayankhira sewero lili mkati. Ife tikuyenda m'mapazi amenewo.

Ndiye lero tichita zigawo ziwiri. Choyamba n'chosangalatsa chabe. Chachiwiri tisewera nkhani ya mtsikana amene makolo ake akufuna kuti asiye sukulu, ndipo tikafika pothina, aliyense amene akuona kuti zikanayenda mwina anene mokweza kuti "Imani!" Abwere, atenge malo a mtsikanayo, ayese. Ife tipitiriza kukhala makolo ouma mtima, sitigonja msanga, chifukwa kunyumba nako sagonja msanga. Pempho langa ndi limodzi: tisatchule dzina la munthu weniweni wa m'mudzi muno, ndipo amene walimba mtima kubwera kutsogolo tisamunyoze.

Tiyambe. Ndani atipatse malo? Mayi amene mwabereka mwana kumbuyoko, mwati kuti? Pachigayo. Chabwino. Nanga pachigayopo pavuta chiyani? Magetsi azima, ndipo kunyumba kwabwera alendo. Anzanga, imirirani.