Da ba zhe: zomwe ndaona lero ku Sanyuanli

Abale anga, moni nonse. Ndangolowa kumene m'nyumba, nsapato sindinavule, mtima ukadali m'mwamba. Ndati ndiyambe ndalankhula nanu, za chakudya tiona pambuyo.

Lero ku Sanyuanli, kumsika wa zikwama kuja, ndakumana ndi mayi wina wochokera ku Limbe, wabwera kudzapikula katundu kuno ku Guangzhou. Anali ndi mnyamata wowamasulira, wakwathu yemwe, mwana wa ku Malawi. Mwini shopu wanena momveka bwino m'Chitchaina kuti "da ba zhe". Mnyamata uja n'kutembenuka, osaphethira n'komwe: "Mayi, akuti mtengo sasintha." Ine ndili chapafupi, ndikumva zonse!

Mvetsetsani apa. Ba ndi 8. Mtchaina akati da ba zhe akutchula zomwe ulipire, magawo 8 mwa magawo 10 a mtengo, osati zomwe wakuchotsera. Katundu wa 10,000 yuan ulipira 8,000. Akati qi zhe (qi ndi 7), ulipira 7,000. Ndiye 2,000 ija mnyamatayo amafuna akaitenge kuseri pa WeChat, pulogalamu ya pa foni yotumizirana mauthenga ndi ndalama. Ndalama ya mayi amene mwina wachita kukongola ku banki m'khonde kuti akwere ndege! Ndalowererapo pompo, ndipo mayi alipira 8,000 yokha. Andide, ine sindinabwere ku China kudzaopa anyamata ngati amenewo.

N'chifukwa chake ndimakuuzani kuti mugwire mawu akuti da, a mu da ba zhe muja, ngakhale Chitchaina china chonse chikukanikeni. Tanthauzo lake lenileni ndi kumenya, ndipo chilembo chake chili ndi chizindikiro cha dzanja kumanzere. Da ren ndi kumenya munthu, da jia ndi ndewu. Koma tsiku lonse la munthu wa geni likuyendera mawu omwewa. Ukufuna takisi, da che. Akumangire katundu wopita ku kontena, kapena akukulungire chakudya ukadyere kunyumba, da bao. Kuchipatala jakisoni ndi da zhen. Ntchito yolembedwa ndi da gong. Potchula, mawu atsike pansi, chifukwa ukawagwetsa mwamphamvu kuchokera pamwamba wanena kuti "chachikulu".

Amene amandikhudza ine ndi da dianhua, kuimba foni. Agogo anga kumudzi ankati kutchaya lamya. Kutchaya! Nditamva koyamba kuti anthu a kutali chonchi nawonso foni amachita kuimenya, ndinawasowa agogo mpaka misozi.

Inu amene mukubwera mwezi wamawa, musadikire womasulira. Funsani nokha mwini shopu kuti "da ji zhe?", kutanthauza kuti ndilipire magawo angati mwa 10, mumupatse kakyuleta alembe nambala ndi dzanja lake inu mukuona.