Pepala louma pansi pa madzi

Mwaswera bwanji aphunzitsi? Uthenga wanu ndaumva, pepani ndachedwa kuyankha, ndimamalizitsa kuchonga makope. Ndiye mwati mawa muli ndi phunziro la mpweya, ana anu ndi a zaka 9 kapena 10, ndipo buku langonena kuti mpweya umatenga malo, basi, osatinso zina. Chabwino. Khalani pansi ndi cholembera, ndikuuzani mmene ine ndimachitira.

Mawu amenewo, akuti mpweya umatenga malo, musayambe ndi kuwalemba pa bolodi. Mukatero ana akopera, aloweza, mayeso akhoza ndithu, koma sabata yamawa muwaonetse botolo lomwe mwakhuthula madzi, muwafunse kuti muli chiyani umu, onse akuuzani kuti mulibe kanthu. Mawuwo adzalembedwa kumapeto, ndipo adzachokera pakamwa pa mwana, inu n'kungogwira choko.

Konzani beseni lakuya, madzi, tambula yoonekera mkati, kaya ndi yagalasi kaya yapulasitiki, mapepala ouma angapo, ndi kansalu kopukutira m'manja. Kansaluko musakaiwale, mumva chifukwa chake.

Mukalowa m'kalasi kwezani tambulayo m'mwamba, mufunse kuti muli chiyani umu. Akuwa onse pamodzi kuti mulibe kanthu. Musawatsutse, ingonenani kuti chabwino. Kenako khwinyani pepala, mulikankhire mkati mpaka lifike pansi pa tambula, lithine bwino kuti mukaizondotsa lisagwe. Mukafika apa imani kaye, madzi musawakhudze. Funsani kuti, ndikamiza tambulayi chozondoka mpaka yonse ilowe m'madzi, pepalali linyowa kapena silinyowa? Aliyense alembe m'kope mwake yankho lake ndi chifukwa chake, asanaone la mnzake. Ndikuti alembe, chifukwa mukangoti akweze manja, onse amayamba ayang'ana uja amakhoza masamu kuti wakweza liti, iwo n'kutsatira. Akamaliza kulemba ndiye awerengeni. Oti linyowa angati, oti silinyowa angati, manambalawo alembeni pa bolodi.

Apa ndi pamene pagona phunziro lonse, aphunzitsi. Mwana amene wanena kale maganizo ake amaonerera ngati timu yake ili m'bwalo. Khosi amatalikitsa, wina amaimirira pa benchi. Amene sanafunsidwe amangoona aphunzitsi akuseweretsa madzi.

Womiza asakhale inu. Itanani mmodzi mwa aja anati linyowa, makamaka amene amalimbikira kwambiri. Agwire tambula chozondoka, aitsitse mowongoka, osapendeketsa ngakhale pang'ono, mpaka imire. Mufunseni zomwe dzanja lake likumva, akuuzani kuti ikukankha, ikufuna kubwerera m'mwamba. Anzake awerenge mpaka 10. Aitulutse mowongokanso. Tsopano apukute m'manja ndi kansalu kaja asanagwire pepala, apo ayi alinyowetsa yekha ndi zala, ndipo mkangano wake simuutha. Alitulutse, liyende m'manja mwa anzake. Louma.

Phokoso lidzuka, lisiyeni. Wina anena kuti mwachita matsenga, wina anena kuti sinamire bwino. Ameneyo mpatseni abwereze yekha. Inu pakamwa tsekani, musafotokoze. Kachitatu muuzeni mwana kuti tambula ili pansi pa madzi choncho aipendeketse pang'onopang'ono. Mumva bwubwubwu, thovu likukwera. Ndiye funsani mwakachetechete kuti, paja tinati mulibe kanthu, nanga chatulukachi n'chiyani? Mukatulutsa pepala ulendo uno lanyowa.

Mukafunsa funso limeneli dikirani. Ife aphunzitsi kudikira kumativuta. Mayi wina wa ku America, Mary Budd Rowe, anafufuza zimenezi cha m'ma 1970, anajambula mawu m'makalasi a sayansi, n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako wayankha yekha kapena waloza wina. Aphunzitsi atayamba kudikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho a ana anatalika, ndipo aja osayankhulayankhula anayamba kuyankha nawo. Ndiye werengani chamumtima, wani, thu, fili, folo, faifi. Muona ngati chaka chathunthu. Pirirani. Pali mwana wakumbuyo amene anene motsitsa mawu kuti munali mpweya, ndi umene umatchinga madzi. Muuzeni abwereze mokweza, kenako lembani pa bolodi mawu ake omwewo.

Nthawi ikatsala, kapena tsiku lotsatira, chitani ichi, sichifuna madzi. Thothoni mapepala awiri ofanana m'kope limodzi. Limodzi likhwinyeni likhale kampira, linalo lisiyeni lotambasuka. Afunseni kuti lifike pansi msanga ndi liti. Kampira kafika msanga, ambiri alosera bwino. Koma afunseni chifukwa, akuuzani kuti n'kolemera. Eya, kalemera liti, poti mapepalawa anali ofanana ndipo sitinawonjezerepo kanthu? Asiyeni alimbane nazo. Kenako gwetsani kampirako pamodzi ndi kamwala, kuchokera pa msinkhu umodzi, muone mmene zifikire pansi pafupifupi nthawi imodzi. Chimene chimachedwetsa pepala lotambasuka ndi mpweya womwe uja, likamatsika limakankhana nawo. Galileo, wasayansi wa ku Italy, ananena zaka pafupifupi 400 zapitazo kuti popanda mpweya zinthu zonse zingagwe mofanana, cholemera ndi chopepuka. Mu 1971 David Scott, amene anapita ku mwezi pa ulendo wa Apollo 15, anagwetsa hamala ndi nthenga kumeneko, kopanda mpweya, ndipo zinafika pansi limodzi. Kanema wake alipo pa intaneti, ndi waufupi. Koma muwaonetse pambuyo, atagwetsa kale mapepala awo, chifukwa mukayamba ndi kanemayo angomuonera ngati filimu.

Tsopano za kandulo. Ndikudziwa mudzafika pamenepo, ndiye ndikuuzeni zomwe zinandichitikira kuti inu zisakuchitikireni. Mukudziwa chija timaimika kandulo m'mbale ya madzi, n'kuiyatsa, n'kuivundikira ndi botolo lakukamwa kwakukulu? Moto umazima, madzi n'kukwera m'botolo. Ine kwa zaka zingapo ndinkaphunzitsa kuti madziwo akulowa m'malo mwa okosijeni, gawo la mpweya lothandiza moto kuyaka, amene moto wadya. Zinkamveka bwino, poti mu mpweya, pa magawo 100 alionse, pafupifupi 21 ndi okosijeni, 78 ndi nayitirojeni, ndipo madzi aja amakwera ndithu kagawo kooneka ngati kameneko. Tsiku lina kamtsikana kena kanapempha kuti tiike makandulo atatu. Ine ndinavomera ndili ndi chikhulupiriro chonse, ndinati moto uzima msanga koma madzi afika pomwe paja, poti okosijeni m'botolomo ndi yemweyo. Madzi anakwera kupitirira. Kanandiyang'ana. Ine thukuta.

Ndinakauza kuti sindikudziwa, tibwereze mawa. Usiku ndinayesa kangapo ndekha, ndipo ndinaona zinthu ziwiri zomwe zaka zonsezo sindinaziyang'ane. Povundikira paja, timathovu timathawira pansi pa botolo. Ndiponso madzi sakwera kwenikweni moto ukuyaka, amathamanga kukwera moto utangozima. Nkhani yake ndi kutentha. Moto umatenthetsa mpweya, mpweya ukatentha umafutukuka, wina n'kutuluka. Moto ukazima wotsalawo umazizira n'kubwerera m'malo ochepa, ndiye mpweya wakunja umakankhira madzi mkati. Makandulo atatu atenthetsa kwambiri, mpweya wothawa wachuluka, madzi akwera kwambiri. Okosijeni amagwiritsidwadi ntchito, koma moto umatulutsanso mpweya wina wa kaboni dayokisaidi ndi nthunzi, ndipo umazima okosijeni asanathe yense. Ndinabwerera m'kalasi n'kuwauza kuti zomwe ndinakuphunzitsani zija zinali zolakwika, fufutani. Palibe anandiseka. Chaka chimenecho mafunso anachuluka mpaka ndinkatopa nawo.

Ndiye kwa ana a msinkhu wanuwo, mbale ya madzi ija isiyeni kaye. Kandulo igwiritseni ntchito poonetsa chinthu chimodzi chokha, kuti moto umafuna mpweya. Pezani mabotolo awiri, lalikulu ndi laling'ono. Kandulo ikhale imodzi yomweyo. Vundikirani ndi laling'ono, ana awerenge mpaka izime, alembe nambala. Yatsaninso, vundikirani ndi lalikulu, awerenge, alembe. Chilichonse muchite katatu, ndipo musanabwereze muzilikupiza botolo kuti mulowe mpweya watsopano, apo ayi ulendo wachiwiri izima msangamsanga, manambala asokonekera. Wina akati tisinthenso kandulo, tiike yayitali, muuzeni kuti maganizo abwino, koma tisinthe chimodzi pa nthawi. Tikasintha botolo ndi kandulo pamodzi, tidziwa bwanji chomwe chachititsa? Funso limeneli alizolowere, muzilibwereza chaka chonse.

Machesi akhale m'thumba mwanu, woyatsa ndinu nokha. Ana akhale patali pang'ono, mapepala achoke pa tebulo, ndipo botolo likatentha musalipatse mwana.

Za kuchuluka kwa ana zija mwadandaula. Beseni likakhala limodzi, liikeni pa tebulo pakati, a kutsogolo akhale pansi, apakati agwade, akumbuyo aimirire. Mukapeza mabeseni anayi kapena asanu, agaweni m'magulu, koma aliyense m'gulumo akhale ndi ntchito yake, womiza, wowerenga, wopukuta, wolemba, chifukwa mukangowasiya, anyamata awiri amphamvu alanda beseni ena n'kumangoonerera. Womiza muzisankha inu, ndipo atsikana asamangopatsidwa cholembera. Zolemba zikhale zochepa: ajambule tambula ili m'madzi, asonyeze pomwe pali pepala, pomwe pali madzi ndi pomwe pali mpweya. Chithunzi chimenecho chikuuzani amene wamva kuposa ndime yokopera. Mupeza ena ajambula madzi atadzaza tambula yonse pepala lili louma pakati, ameneyo mubwerere naye ku beseni.

Chomaliza, musanagone usiku uno yesani nokha kunyumba. Onetsetsani kuti beseni lanu ndi lakuya moti tambula imira yonse, chifukwa ikatsala kunja ngakhale pang'ono, ana anena kuti madzi sanafike pa pepala, ndipo akhala akunena zoona. Mawa mukaweruka munditumizire manambala a pa bolodi aja, ndikufuna ndimve kuti oti linyowa anali angati. Mugone bwino.