Mawu amene timadziuza tikakhala tokha

Zikomo amayi ndi abambo, zikomo achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Ndili ndi funso, koma musayankhe mokweza. Tsiku lomwe munalakwitsa kanthu posachedwapa, kaya munaiwala zimene anakutumani kapena munagwetsa chinthu n'kusweka, munadziuza chiyani mumtima? Ambiri timati, "Koma ine ndiye chitsiru." Mnansi wanu atakuuzani mawu amenewa mungathe mwezi osalankhulana naye. Koma akachokera mwa ife eni timangovomera, ndipo mawa timadziuzanso.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti masamu si anga. Ndili ndi zaka 11, mphunzitsi wina anandiimika kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja, n'kunena kuti, "Iwe mutu wako ndi wouma, kakhale pansi." Patatha zaka zoposa 20, anzanga anandipempha kuti ndizilemba ndalama za gulu lathu. Atanditambasulira kope, m'manja munatuluka thukuta, ndipo mawu aja ndinawamva bwinobwino, koma tsopano akutuluka ndi liwu langa. Ndinakana udindowo ndisanawonkhetse n'komwe manambala awiri.

Zimenezi akatswiri anazifufuza. Mu 1967, Martin Seligman ndi Steven Maier pa yunivesite ya Pennsylvania ku America anachita kafukufuku ndi agalu. Ena mwa agaluwo ankagwidwa ndi magetsi popanda njira yowazimitsira. Kenako anawaika m'bokosi momwe kuthawa kunali kosavuta, kungodumpha kampanda kakafupi basi. Ambiri mwa agalu aja sanayese n'komwe, anangogona pansi n'kumalira. Kafukufukuyu anali wankhanza, ndipo sindikumuyamikira, koma chimene anaonetsa chimandikhudza. Njira inali yotseguka, chimene chinatsekeka ndi maganizo. Ndipo kuti agaluwo ayambenso kudumpha, kuwakopa sikunathandize kwenikweni. Anachita kuwakoka kuwaolotsera mbali ina ya bokosilo kangapo, mpaka anaona okha kuti zikutheka.

M'zaka zomwezo za m'ma 1960, dokotala wa matenda a maganizo, Aaron Beck, ankamvetsera odwala matenda ovutika maganizo. Anapeza kuti ali ndi timaganizo timene timangobwera tokha mwachangu, munthu osatiitana: "Palibe amene amandifuna," "Chilichonse ndimalephera." Chimene Beck ankachita ndi kuphunzitsa wodwalayo kugwira ganizolo n'kulifunsa mafunso ngati mboni pa mlandu. Umboni wako uli kuti? Ukuti chilichonse ndimalephera, nanga ana awa wawalera ndani? Tamverani mawu akuti "nthawi zonse", "chilichonse", "palibe". Mukawamva mumtima mwanu, dziwani kuti mboniyo yayamba kukokomeza.

Apa pali msampha, ndipo ndikufuna ndikuchenjezeni. Ena adzakuuzani kuti muziima pagalasi m'mawa uliwonse n'kumati, "Ndine wopambana, ndine wodabwitsa." Mu 2009, Joanne Wood ndi anzake pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anauza anthu kuti azibwereza mawu akuti ndine munthu woyenera kukondedwa. Amene ankadziona ngati achabechabe anamva kuipa kuposa anzawo otero amene sanabwereze mawuwo. Mtima sunamizika, abale anga. Ukauuza zimene sukhulupirira umatsutsa, n'kuyamba kukukumbutsa zolephera zako zonse.

Ndiye musadzinamize, ingodziuzani zoona zonse, osati theka loipa lokha. "Sinditha" ndi chigamulo cha moyo wonse. "Sindinaphunzire" ndi nkhani ya lero, ndipo nthawi zambiri ndiyo yoona. Mayi amene akuti "ine foni yamakonoyi sindingaithe" akhoza kunena kuti "palibe amene wakhala nane pansi n'kundionetsa." Mwaona kusiyana kwake? Mawu oyambawo akumuuza kuti abweze foniyo m'thumba. Achiwiriwo akumuuza kuti aitane mdzukulu wake.

Palinso kanjira kena kosavuta. Ethan Kross wa pa yunivesite ya Michigan ndi anzake anaonetsa mu 2014 kuti anthu amene ankadzitchula dzina pokonzekera kulankhula pagulu, ngati akulangiza mnzawo, ankakhala ndi nkhawa yochepa kusiyana ndi amene ankati "ine". Tonsefe timadziwa kulimbikitsa mnzathu akagwa mphwayi. Luso limenelo tili nalo kale, timangoiwala kuligwiritsa ntchito pa ife eni.

Kope lija ndinakalitenga patatha chaka. Sindinadziuze kuti ndine katswiri. Ndinangodzitchula dzina n'kunena kuti, "Wonkhetsa tsamba limodzi lokha, ukalakwitsa akukonzera." Ndinalakwitsa pawiri, mnzanga anandionetsa, ndinafufuta n'kulembanso. Paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Pofika mwezi wachitatu mawu a mphunzitsi uja ankabwerabe, koma ndinali ndi masamba odzaza oti ndiwaonetse.

Inu makolo, ndi inu amene mumaphunzitsa ana, kumbukirani kuti zimene mumamuuza mwana akalakwa ndi zimene adzadziuze akadzakula inu mulibe. Tsopano ndikupempha kuti aliyense aganizire mawu amodzi amene amadzinyoza nawo, ayese kukumbukira amene anayamba kumuuza. Amene ali womasuka atiuze. Eya mayi, ndaona mwakweza dzanja, yambani ndinu.