Foni yotchipa: imalimba pati, imafooka pati?

[Pa thebulo pali bokosi la foni. Wolankhula akulitembenuza kuti zolembedwa kumbuyo zioneke bwino.]

Moni nonse. Lero tikambe za foni imene ambiri a ife timagula ndalama ikakhala yoperewera koma tikufuna WhatsApp, Facebook ndi kamera. Ndikunena mafoni monga itel A70, Tecno Spark Go, Infinix Smart, Redmi A3 ndi Samsung Galaxy A05. Mayina ndi osiyana, koma zam'kati zimayandikana kwambiri: sikirini yaikulu ya mainchesi 6.6 kapena 6.7, batire ya 5000 mAh, malaini awiri, ndi 4G. Ndipo kwa amene simukudziwa, Tecno, itel ndi Infinix zonsezi ndi za kampani imodzi ya ku Shenzhen ku China, dzina lake Transsion, yomwe imagulitsa mafoni ambiri mu Africa kuposa kampani ina iliyonse. Choncho mukamakangana pa minibasi kuti itel ndi Tecno yabwino ndi iti, dziwani kuti ndalama zanu zikupita m'thumba limodzi.

Mtengo sinditchula mu vidiyo ino. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafoni simakhala malo amodzi, ndipo yomwe mungamve ku Gateway Mall siimene mungamve m'mashopu a ku Old Town mu Lilongwe momwemuno. Pitani mukafunse nokha, ndipo musagule pa shopu yoyamba.

[Wolankhula akutulutsa foni m'bokosi, akuiyatsa.]

Tiyambe ndi pamene foni yotere imachita bwino, chifukwa zilipo ndithu.

Batire. Apa palibe chodandaula. Batire ya 5000 mAh ndi yofanana kukula ndi ya mafoni odula kwambiri, koma foni yotchipayi sidya moto wambiri, chifukwa purosesa yake ndi yaing'ono ndipo sikirini yake ndi ya 720p basi, yosaonetsa zinthu mwakuthwa ngati ya mafoni odula. Zotsatira zake n'zakuti mukaitchaja usiku, mutha kuchoka nayo ku Area 25 m'mamawa, kuswera nayo m'tauni tsiku lonse, n'kubwerera kunyumba ikadali ndi moto. Kwa wakabaza amene makasitomala amamuimbira tsiku lonse, kapena ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba amene wakhala mu kakiyosiki kopanda soketi, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Koma batire yomweyi ili ndi mbali yake ina. Ambiri mwa mafoni amenewa amatchaja pa mphamvu yochepa ya 10W. Kuti batire yaikulu chonchi idzaze kuchoka pa ziro, muwerengere maola pafupifupi atatu. Tsono ganizirani masiku aja ESCOM ikuzimitsa magetsi mosinthanasinthana: ayaka kwa ola limodzi, mwathamangira kusoketi, azimanso foni isanafike ndi theka lomwe. Galaxy A05 imalola 25W, koma funsani ngati chaja chake chili m'bokosi, chifukwa si mafoni onse masiku ano amabwera nacho.

Zina zabwino ndizidutsa mwachangu. Malaini awiri, Airtel ndi TNM mu foni imodzi, mumagula bandulo kumene kwatchipa tsiku limenelo. Pali pobayira mahedifoni a waya, amene mafoni odula anachotsa kalekale. Ambiri ali ndi wailesi ya FM, ndiye mpira pa MBC kapena nkhani pa Zodiak mumamvera osawononga bandulo. Pali poika memori khadi. Ndipo sikirini ikasweka, okonza mafoni m'tauni muno sasowa ina yoikapo, pomwe mwini foni yachilendo amauzidwa kuti adikire iitanitsidwe kunja.

[Kamera ikuyandikira pa bokosi pamene palembedwa "4GB+4GB RAM".]

Tsopano tafika pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amapusitsidwa pomwepa.

Taonani apa. Palembedwa 4GB kuphatikiza 4GB, ndipo wogulitsa akuuzani mosaphethira kuti, "Bwana, iyi ndi ya 8GB RAM." Si zoona kwenikweni. RAM yeniyeni ndi nambala yoyambayo. Inayo ndi malo amene foni yabwereka kuchokera kosungira zinthu n'kumawagwiritsa ntchito ngati RAM. Kampani iliyonse ili ndi dzina lake la zimenezi, koma mfundo ndi imodzi.

Kuti timvane, RAM ili ngati lichero, pomwe posungira zinthu, 64GB kapena 128GB ija, pali ngati nkhokwe. Nkhokwe ikule bwanji, chimanga chimene mungapete nthawi imodzi ndi chokhacho chakwana m'lichero. Mukapatula kangodya ka nkhokwe n'kukatcha lichero lachiwiri, dzina lasintha koma simungapetere pamenepo. Malo obwerekawa ndi ochedwa kwambiri kuyerekeza ndi RAM yeniyeni. Amathandizako pang'ono kuti pulogalamu imene munaisiya isatsekeke msanga, koma liwiro la foni saliwonjezera.

Ndiye zimaoneka bwanji RAM ikachepa? Ndikuonetseni.

[Sikirini ya foni ikuoneka pafupi. Wolankhula akutsegula WhatsApp, kenako Facebook, kenako Chrome, kenako kamera, n'kubwerera ku WhatsApp.]

Ndinali pa WhatsApp ndikulemba uthenga. Ndapita pa Facebook, ndatsegula Chrome, ndajambula chithunzi chimodzi. Ndikubwerera ku WhatsApp... mwaona? Sikirini yayera kaye, chizindikiro chobiriwira chija chatuluka, ikuyambiranso pachiyambi. Foni inaitseka mwakachetechete kuti ipeze malo a kamera. Masekondi ochepa okha, inde, koma zikamachitika tsiku lonse zimatopetsa. Ndipo zimapweteka kwambiri mukamalipira china chake: mwatuluka pa pulogalamu ya banki kuti mukaone nambala yachinsinsi imene yabwera pa SMS, pobwerera mwapeza pulogalamuyo yatsekeka, muyambirenso.

Maganizo anga ndi awa. Foni ya 2GB RAM isiyeni, pokhapokha ngati mukugulira agogo kumudzi amene akungofuna kuimba ndi kuona zithunzi za adzukulu. Ya 3GB ndi yopirira nayo. Ya 4GB yeniyeni ndiye poyambira pabwino. Mukaona palembedwa "Go edition", imeneyo ndi Android yopepukitsidwa imene Google inapangira mafoni a RAM yochepa. Si yoipa, ndipo pa foni yofooka imayenda bwino kuposa Android yathunthu, koma ikukuuzani mtundu wa foni imene mwagwira.

[Wolankhula akutsegula pamene pamaonetsa malo otsala mu foni.]

Chachiwiri chimene sichioneka tsiku logula ndi malo osungira zinthu. Foni yatsopano iliyonse imathamanga, ngakhale yotchipa bwanji, chifukwa ilibe kanthu m'kati. Vuto limayamba pakapita miyezi. Pa 64GB yolembedwa pa bokosi, Android yokha ndi mapulogalamu obwera nayo zatenga kale gawo lake musanaikemo kanthu. Kenako akulowetsani m'magulu: la kumpingo, la banki m'khonde, la makolo kusukulu, la abale akumudzi, la anzanu a ku sekondale, lina la ukwati umene unachitika kale koma palibe amene akutulukamo. Aliyense akutumiza mavidiyo, maulaliki, nyimbo za kwaya, zithunzi za "mwadzuka bwanji" zamaluwa zija. Zonsezo foni ikungotsitsa yokha. Ikatsala pang'ono kudzaza, imayamba kuhang'a, kamera imachedwa kutseguka, ndipo mumayamba kunena kuti anakugulitsani feki, chonsecho foniyo yangokhuta.

Mankhwala ake ndi aulere. Lowani mu WhatsApp, pa Settings, pa Storage and data, muzimitse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizitsika zokha. Mukatero mwapulumutsa malo komanso bandulo. Ikani Facebook Lite m'malo mwa Facebook yaikulu ija. Nyimbo ndi mafilimu ziikeni pa memori khadi. Koma ngati muli pa shopu ndipo mukusankha pakati pa 32GB ndi 64GB, kapena 64GB ndi 128GB, onjezerani ndalama pamenepo. Kusiyana ndi kuonjezera chifukwa cha mtundu wa chikuto kapena kuchuluka kwa makamera.

[Kamera ikuonetsa kumbuyo kwa foni, pali timagalasi tozungulira titatu.]

Poti ndatchula makamera. Timaso titatu iti tikuoneka ngati ta iPhone, ndipo anatipanga dala kuti tizioneka choncho. Koma kamera yogwira ntchito ndi imodzi. Kachiwirika n'kothandizira chabe, kachitatu ndi tochi. Manambala a 13MP kapena 50MP asakusokonezeni. Kuchuluka kwa ma megapixel si kumene kumapanga chithunzi chabwino.

Masana kamera imeneyi ndi yokwanira. Mayi amene amagulitsa zitenje kapena nsapato za kaunjika pa WhatsApp status, akajambula panja dzuwa lili bwino, katundu amaoneka ndipo makasitomala amafunsa mtengo. Tiyamikenso Tecno ndi abale ake pa chinthu chimodzi: anaikapo mtima kuti kamera izijambula bwino khungu lakuda, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinawatchukitsa mu Africa muno. Koma dzuwa likalowa, nkhani imasintha. Yesani kujambula perekaniperekani mu holo madzulo, anthu akuvina, magetsi ali amitundumitundu. Nkhope zimapakika, zithunzi zimadzaza timadontho, vidiyo imagwedera. Ngati cholinga chanu n'kupanga mavidiyo a TikTok kapena YouTube kuti muzipezerapo ndalama, foni iyi ikuvutani.

Sikirini nayo ndi yaikulu bwino poonera mpira kapena filimu m'nyumba, koma kuwala kwake n'kochepa. Pa dzuwa la mu Okutobala mutaima pa depoti, mudzachita kuiphimba ndi dzanja kuti muwerenge uthenga. Magemu olemera iwalani. Ndipo madzi sigwirizana nawo: nyengo ya mvula, ka jumbo m'thumba sikolakwika.

[Wolankhula wayang'ana kamera.]

Pali china chimene ogulitsa satchula: ma update. Foni imafunika kulandira zokonza za chitetezo kuchokera ku kampani yake, makamaka masiku ano pamene ndalama zathu zili mu foni momwemo. Mafoni ambiri otchipa amakhala pa Android imene anabwera nayo mpaka kutha kwake, ndipo zokonzazo zimabwera mwa apo ndi apo kenako n'kusiya. Apa Samsung ili patsogolo: pa Galaxy A05 inalonjeza zaka 4 za ma update a chitetezo. Ngati ndinu munthu wosunga foni nthawi yaitali, zimenezi muziwerengere pa mtengo. Chomwe chimatipulumutsa ambiri n'chakuti *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba zimagwira pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani.

Ambiri mwa mafoniwa amabweranso ndi mapulogalamu amene simunawapemphe, ena otumiza zotsatsa malonda pa sikirini. Tsiku loyamba lomwelo khalani pansi, chotsani amene akuchotseka, amene akukana muwatsekere mauthenga ndi intaneti. Apo ayi bandulo yanu izitha inu muli m'tulo.

[Wolankhula akubaya *#06# pa foni, akuiika pambali pa bokosi.]

Mukafika pa shopu chitani izi musanapereke ndalama. Bayani *#06#. Patuluka nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yakeyake ya foniyo, ya manambala 15, ndipo pa foni ya malaini awiri zimatuluka ziwiri. Zifanane ndi zolembedwa pa bokosi. Zikasiyana, bwezani foniyo. Lowani pa Settings, pa About phone, muone RAM ndi malo osungira ndi maso anu, osati pakamwa pa wogulitsa. Ikani laini yanu, muone ngati 4G ikutuluka, muimbire munthu kuti mumve sipika ndi maikolofoni. Yang'anani pobayira chaja: USB-C, ija yolowa mbali iliyonse, ndi yabwino kuposa micro-USB yakale, ndipo machaja ake ndi amene akuchuluka tsopano.

Za mafoni ogwiritsidwa kale ntchito amene anyamata amakuonetsani m'mbali mwa msewu ku Malangalanga, "ndi yabwinobwino bwana, ndangopanikizika": ena ndi oona mtima, koma foni yopanda bokosi, yopanda risiti, mwini wake weniweni atha kukhala kuti akuifunafuna, ndipo apolisi akaitsata adzapeza inu. Onetsetsaninso kuti akaunti ya Google ya mwini wakale yachotsedwa inu mukuona, chifukwa ikatsalira, foniyo imatha kudzitseka mukaifufuta zonse. Pa yatsopano, risiti ikhale ndi dzina la shopu, tsiku, ndi IMEI, ndipo afotokoze waranti ndi ya miyezi ingati komanso foni ikavuta mukaipereke kuti. Akayamba kuzembazemba pa funso limeneli, shopu yotsatira ili pafupi.

Mu vidiyo yotsatira titenga awiri mwa mafoni amenewa, tiwatchaje limodzi, tione amene ayambe kudzaza.