Batire Likutha Usiku? Musagule Lina Musanaone Izi

Moni nonse kuchokera kuno ku Mchinji! Lero tili pa galimoto ija imalira bwinobwino madzulo, koma m'mawa mukapotoza kiyi imangoti tche tche tche, mpaka anyamata akabaza akukankheni. Inu a ma Sienta opita ku Mwami, musachoke.

Choyamba, mwachangu. Galimoto itagona usiku wonse, yezani batire ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. 12.6 volts ndiye lili bwino, 12.2 latsala theka. Wina alize injini inu mukuyang'ana: likatsika kupitirira 9.6, lakalamba. Injini ikulira muziona pakati pa 13.8 ndi 14.5, apo ndiye kuti alternator, chipangizo chodzaza batire, ikutchaja.

Chachiwiri... ayi, dikirani kaye, pali chinthu chimandinyansa. Makaniko wina amazula waya wa batire injini ikulira, amvekere "onani bwana, sinazime, alternator ili bwino." Abale anga, lekani zimenezo! Zinkatheka pa galimoto zakalekale zopanda kompyuta. Batire silongolizira injini lokha, limamezanso magetsi akalumpha. Mukalichotsa alternator ikugwira ntchito, mphamvu imakwera mwadzidzidzi n'kukafika ku kompyuta ya injini, ku wailesi, ku dashibodi. Vitz kapena Probox yanu yochokera ku Japan ili ndi zonsezo. Ndiponso mayesowo ndi abodza: alternator yofooka imatha kusunga injini ikulira pamene ikulephera kudzaza batire. Ndiye mwaika kompyuta pachiswe kuti mumve yankho lolakwika? Wina andilembera m'makomenti kuti "ine ndimachita ndipo sizinapsepo." Mwayi, achimwene, mwayi chabe. Multimeter ndi yotchipa kuposa kompyuta ya injini.

Mwafika pano? Dinani subscribe ndi kabelu kaja, tipitirize.

Chachiwiri chenicheni, kusaka chomwe chikuba moto. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko. Masulani waya wa negativu, multimeter muyiike pa 10A, chingwe china pa mutu wa negativu wa batire, china pa waya mwamasula uja. Musalize injini apa, fyuzi ya multimeter ipsa pompo. Dikirani mphindi 30 kuti makompyuta agone. Pansi pa 0.05 amps palibe vuto. Mukaona 0.3 kapena kuposa, wakuba alipo.

Chachitatu, zulani mafyuzi imodziimodzi, maso ali pa nambala. Ikagwa, mwamupeza. Kawirikawiri ndi wailesi kapena sabufa yolumikizidwa pa waya wamoto nthawi zonse, alamu, tracker, kapena kababu ka m'buti kosazima. Ikani foni m'butimo ikujambula vidiyo, mutseke, muone nokha. Mafyuzi onse atha koma nambala siikutsika? Mangani mtima, chotsani batire kaye, kenako masulani waya waukulu wa alternator n'kuyezanso. Diode, kachipangizo ka mu alternator koletsa moto kubwerera, ikapsa imabweza moto usiku wonse.

Za kutsuka zoyera zija zimamera pa mitu ya batire, ndi chifukwa chake madzi a pamjigo saloledwa m'batire, vidiyo yake ndi iyo ikuoneka pamwambapo.