Phindu likuchokera kuti? Nkhani ya Charles Ponzi wa ku Boston, yokambidwa pamsonkhano wa magulu a banki m'khonde

Zikomo a mfumu, a komiti, amayi ndi abambo nonse. Amene muli padzuwa sunthirani kuno kumthunzi, malo alipo.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Gulu lija la pa WhatsApp, lomwe linkati ikani 50,000 kwacha pakatha masabata awiri mulandire 100,000, latha. Manambala sakupezekanso. Pano pali anthu amene anagulitsa mbuzi, ena anatapa ndalama za feteleza, ena anakongola kugulu konkuno. Sinditchula munthu, ndipo musayang'anane. Ndabwera kudzakusiyirani funso limodzi loti muzifunsa musanatulutse ndalama pachitenje: phindu limeneli likuchokera kuti?

Chinyengo chimenechi si cha lero, ndipo sichinayambire pafoni. Ndikufuna ndikutengereni ku America, mumzinda wa Boston, m'chaka cha 1920. Nthawi imeneyo anthu ankakhamukira ku America pa sitima zapamadzi kuchokera ku Italy, ku Ireland, ku Poland, kukasaka moyo. Ankagwira ntchito zakalavulagaga m'mafakitale ndi kumadoko, akugona mothithikana, akusunga timakobidi toti atumize kwawo. Nkhondo yaikulu inali itangotha mu 1918, zinthu zitakwera mitengo, ndipo banki inkapereka chiwongoladzanja chochepa, ngati 5 pa 100 pachaka chathunthu. Mukumva? Anthu olimbikira, osauka, otopa ndi kudikira. Sanali opusa ayi.

Pakati pawo panali Charles Ponzi, wochokera ku Italy, amene anafika ku Boston mu 1903. Iyeyu anatsegula ofesi pamsewu wotchedwa School Street, n'kuitcha Securities Exchange Company, dzina lomveka bwino ngati la boma. Lonjezo lake linali lakuti ukaika madola 100, pakatha masiku 45 ulandira 150, ukadikira masiku 90 ulandira 200. Anthu akafunsa kuti zitheka bwanji, iye ankati amagula timapepala ta ku positi ofesi, tija munthu ankaika m'kalata yopita kunja kuti woyankha akasinthitse ndi sitampa. Ankati amatigula motchipa ku Ulaya kumene ndalama inagwa, n'kudzatisinthitsa ku America modula. Timapepalato tinaliko ndithu, ndiye bodzalo linali ndi poimira. Koma munthu akafunsitsa kuti sitampazo amazisandutsa bwanji ndalama, ankati chimenecho ndi chinsinsi cha bizinesi.

Amayi, mukamva mawu akuti chinsinsi pankhani ya ndalama zanu, dzukani muzipita. Wogulitsa tomato amakuuzani kumene wapikula. Phindu likuchokera kuti?

Zoona zake n'zakuti Ponzi sankachita malonda aliwonse. Ndalama za wobwera lero ankalipira nazo wa dzulo. Basi. Pa miyezi yosakwana 8 anasonkhanitsa madola pafupifupi 15 miliyoni kwa anthu pafupifupi 40,000. Ena anachotsa zonse kubanki, ena anapinyolitsa nyumba, ngakhale apolisi ambiri a mu Boston anaikamo. Ponzi anagula chinyumba ku Lexington, tauni ya pafupi ndi Boston, galimoto yapamwamba, suti zosinthasintha, ndipo anthu akamuona ankati munthu wotere sangabe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu achinyamata, ndikunena inu amene mukuseka kumbuyoko, si inu munkationetsa zithunzi za munthu ataimirira pagalimoto, mukuti bwana wake ndi ameneyu? Galimoto ya pachithunzi mukuidziwa mwini wake?

(Mayi wina aimirira: "Pepani achimwene, koma mlamu wanga analandiradi. Ndinaziona ndi maso anga, anagula malata. Ndiye tinene kuti linali bodza?")

Zikomo mayi, khalani pansi, mwafunsa funso la anthu ambiri pano. Mlamu wanu sananame, ndipo malatawo ndi enieni. Analandiradi. Ku Boston nakonso oyamba onse analandira, pa tsiku lake, osaperewera ngakhale senti. Ndiye msampha wake umenewo. Wakubayo amafuna mlamu wanu alandire, chifukwa munthu wachilendo simungamukhulupirire, koma mlamu wanu mumukhulupirira. Ponzi sanavutike n'kulengeza malonda. Anthu akwawo a ku Italy ankauzana okha kutchalitchi, kuntchito, pa ukwati, ndipo wobweretsa anzake ankapatsidwa kangachepe.

Mvetserani izi. Kumapeto kwa Julayi 1920 nyuzipepala ya Boston Post inayamba kufunsa mafunso. Katswiri wa zachuma, Clarence Barron, anawerengera kuti pa ndalama zimene Ponzi anatolera pankafunika timapepala 160 miliyoni, pomwe timene tinkayenda tinali pafupifupi 27,000 tokha. Anthu anachita mantha, nakandanda pa School Street kufuna zawo. Ponzi anatuluka akumwetulira, n'kumagawira khofi ndi madonasi pamzerepo, n'kulipira madola pafupifupi 2 miliyoni m'masiku atatu. Mukudziwa chinachitika? Ambiri ataona anzawo akulandira anachita manyazi, nabwerera kwawo ndalama atazisiya momwemo. Patangopita masabata awiri zonse zinagwa. Ndiye mayi, kulandira kwa munthu mmodzi si umboni woti pali bizinesi. Ndalama za malata aja zinachokera m'thumba la munthu wina amene analowa mochedwa, mwina ali pompano. Musakamunyoze mlamu wanuyo, nayenso anagwiritsidwa ntchito. Koma ndimufunse inu: atalandira koyamba, sanabwezeremo zambiri?

(Mayiyo: "Anabwezeramo.")

Ndi mmene zimathera. Ku Boston ambiri sankatenga n'komwe phindu lawo, ankangoti lipitirire kuswana.

Pa 11 Ogasiti nyuzipepala ija inaulula kuti Ponzi anakhalapo kale m'ndende ku Montreal, m'dziko la Canada, chifukwa cholemba cheke chabodza. Tsiku lotsatira anali m'manja mwa boma. Banki ya Hanover Trust, imene iye anagulamo gawo lalikulu, inatsekedwa, ndipo mabanki ena angapo anagwa nayo, moti ngakhale anthu amene sanaikeko kalikonse kwa Ponzi anavutika. Amene anaika anadikira zaka, n'kubwezeredwa masenti osakwana 30 pa dola iliyonse, pomwe dola imodzi ndi masenti 100. Ponzi anakhala m'ndende, mu 1934 anamuthamangitsira ku Italy, ndipo anafera ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, mu 1949 ali wosauka. Zimandipweteka ndikaganiza za mayi wochapa zovala za anthu amene anasunga kwa zaka khumi n'kutaya zonse m'mwezi umodzi. Kumangidwa kwa wakuba sikunamubwezere thukuta lake.

Ndikuona ena ayamba kusuzumira kumsewu, ana akuweruka, ndifulumire.

Munthu akabwera ndi lonjezo, funsani phindu likuchokera kuti, akugulitsa chiyani, kwa yani, ndipo mukaone ndi maso. Funsani chiphaso cha ku Reserve Bank of Malawi, osati chithunzi cha pafoni. Akati bweretsani anzanu atatu kuti mulandire, kanani. Akati mwayi utha mawa, gonani kaye, mufunse kunyumba. Ndalama za gulu zisatuluke m'bokosi popanda msonkhano, makiyi akhale kwa anthu atatu monga mwa malamulo athu. Amene mwataya kale, musafufute mauthenga a pafoni, ndiwo umboni wanu. Ndipo wina akakuimbirani kuti tumizani kangachepe tikubwezereni zanu zija, ndi omwewo, musatumize. Alembi ali patebulo apo, lembetsani dzina ndi kuchuluka kwa ndalama, Lachinayi m'mawa tipitira limodzi kupolisi. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu.